Mano akuwola pafupi ndi nkhama: ndi tizilombo tanji, nanga makapisozi angathandize?

Funso: Ndine bambo wa zaka 58, ndimakhala ku Namwera kuno ku Mangochi. Chibadwire sindinadwalepo dzino, koma chaka chino mano atatu a m'munsi ada pafupi ndi nkhama, ndipo limodzi ndikalikhudza ndi kamtengo kotokosera limamveka lofewa. Ndikamwa madzi ozizira mano amayayamira. Ndimatsuka m'mawa uliwonse mwamphamvu ndithu, nthawi zina ndi makala. Ndimamwa mankhwala a BP ndipo m'kamwa mumauma. Tiyi ndimamwa katatu patsiku, masupuni atatu a shuga pa kapu. Anzanga akuti m'manomo muli tizilombo, ndigule amoxicillin. Ndi tizilombo tanji, ndipo makapisoziwo angathetse vutoli?

Yankho: Bambo, anzanuwo alasa pa chimodzi koma aphonya pa chinacho. Tizilombo tilipodi, mabakiteriya, ndipo ndi omwe akuwononga manowo. Koma amoxicillin sangawathe, ndalama zanu zingolowa m'madzi. Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi kuwola kwa muzu wa dzino, vuto lomwe limakonda anthu achikulire, ngakhale amene sanabowokepo dzino paunyamata wawo. Wotsimikizira ndi dokotala wa mano akakuonani m'kamwa, komabe m'kalata yanu yomweyi muli kale zifukwa zinayi: nkhama zomwe zikuoneka kuti zatsika, m'kamwa mouma, shuga wa pafupipafupi, ndi kukwecha ndi makala.

Tiyambe ndi dzinolo. Mbali imene imaoneka munthu akaseka ndi yokutidwa ndi enamel, chinthu cholimba kuposa china chilichonse m'thupi, chomwe magawo 96 pa 100 ake ndi mwala wa kashiamu ndi phosphate. Muzu ulibe enamel. Uli ndi kachikuto kopyapyala kotchedwa cementum, ndipo pansi pake pali dentine, yomwe mwala wake ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 okha, kwinako ndi ulusi wa collagen ndi madzi. Muzu umayenera kukhala wobisika m'nkhama. Nkhama zikatsika chifukwa cha chiseyeye cha zaka zambiri kapena kukwecha kwamphamvu, cementum amapalika msanga, dentine n'kutsala pamtetete. Dentine ili ndi timipaipi tosaoneka ndi maso topita ku mtsempha wa pakati pa dzino, n'chifukwa chake madzi ozizira akukuyayamitsani mano.

Tsopano za tizilomboto. Mukangomaliza kutsuka, patangopita mphindi zochepa, malovu amayala kakhungu kopyapyala ka mapuloteni pa dzino lililonse. Pa kakhungu kameneka ndi pomwe mabakiteriya oyamba amagwira: Streptococcus sanguinis, Streptococcus oralis, Streptococcus mitis ndi a gulu la Actinomyces. Awa si adani kwenikweni. Sanguinis amatulutsa hydrogen peroxide amene amalepheretsa mabakiteriya oipa kukhazikika, ndipo amathanso kupanga ammonia wochepetsa asidi. Akachulukana, ena amabwera kudzagwira pa iwo. Pali wina wamtali wotchedwa Fusobacterium nucleatum amene amagwira uku ndi uku, kulumikiza oyamba aja ndi obwera mochedwa. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri, mukakanda ndi chikhadabo m'mphepete mwa nkhama mumachotsa zoyera zofewa za fungo. Imeneyo ndiye plaque. Ambiri amayesa ndi zotsalira za nsima, pamene mbali yake yaikulu ndi mabakiteriya amoyo pamodzi ndi zomatira zimene apanga okha. Woyamba kuwaona anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Netherlands, yemwe mu 1683 anapala litsiro la m'mano mwake n'kuliika pa galasi lokulitsa zinthu. Lero mitundu yodziwika yokhala m'kamwa mwa anthu yaposa 700.

Plaque ili ngati ndere za pa mwala wa kunyanja kapena pansi pa bwato: madzi amadutsapo usana ndi usiku koma sizichoka mpaka wina akwechepo. Kuchukucha m'kamwa ndi madzi, ngakhale a mchere, sikuichotsa.

Mabakiteriya amenewa aliyense ali nawo, wa mano abwino ndi wa mano obowoka yemwe. Chosiyana ndi chakudya chimene akupatsidwa komanso kangati. Shuga akalowa m'kamwa, amamudya n'kutulutsa asidi, makamaka lactic acid. Ukali wa asidi timauyeza ndi pH: 7 ndi pakatikati, ndipo nambala ikamatsika asidi akukula mphamvu. Mu 1944 Robert Stephan anaonetsa kuti munthu akachukucha madzi a shuga, pH ya m'plaque imatsika m'mphindi zochepa chabe, kenako imatenga mphindi 30 mpaka 60 kuti malovu aibwezeretse. Enamel imayamba kusungunuka pH ikafika pa 5.5. Muzu umayamba kusungunuka pakati pa 6.2 ndi 6.7. Kusiyanaku kukuoneka kochepa pa pepala, koma sitepe imodzi ya pH ikutanthauza kuchulukitsa ka 10, choncho asidi wofooka kwambiri, yemwe enamel sikanamumva n'komwe, amakwanira kudya muzu. Muzu umayamba kusungunuka msanga ndipo umasiya mochedwa. Apa ndi pomwe pagona yankho la chifukwa chomwe tiyi yemweyo amene mwamwa zaka zonsezi popanda vuto wayamba kukuwonongerani mano lero.

Shuga akamabwera pafupipafupi, plaque imakhala ya asidi nthawi yaitali, mabakiteriya osapirira asidi amachepa, opirira n'kuchuluka. Wodziwika kwambiri ndi Streptococcus mutans, yemwe J. Kilian Clarke anamupeza m'mano obowoka mu 1924. Ameneyu ali ndi luso litatu. Amatenga shuga wa nzimbe, yemweyu wa m'tiyi, n'kupanga naye zomatira zotchedwa glucan zomwe zimalimbitsa plaque ndi kutchinga malovu kuti asalowe. Amasunga shuga wina m'kati mwake, moti amapitiriza kupanga asidi inu mutameza kalekale. Ndipo amakula bwino m'malo a asidi momwe anzake amafooka. Pambuyo pake pamabwera a Lactobacillus. Awa sagwira bwino pa dzino losalala, amadikira pakhale kadzenje, koma akalowamo amapirira asidi kuposa ena onse ndipo ndi amene amazamitsa dzenjelo.

A Actinomyces, monga Actinomyces naeslundii, nkhani yawo ndi yosangalatsa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akatswiri ankawaloza chala kuti ndi eni ake a kuwola kwa mizu, chifukwa ankapezeka ochuluka pamenepo ndiponso ankawononga mizu ya mano a nyama zoyeserera. Kenako kunaoneka kuti amapezekanso pa mizu yabwinobwino. Amathandizira ndithu, koma sali okha. Pa muzu wowola pamapezekanso a Bifidobacterium, a Prevotella, ndi Candida albicans, yemwe si bakiteriya koma yisiti, ndipo amakonda m'kamwa mouma, mwa odwala shuga ndi mwa ovala mano oikirira. Pali ngakhale a Veillonella amene amadya lactic acid uja n'kumufooketsa. Mu 1994 Philip Marsh wa ku Britain anafotokoza bwino mfundo yomwe madokotala ambiri a mano amatsatira lero: kuwola sikubwera ndi kachilombo kamodzi kochokera kunja monga amachitira malungo, koma kumabwera pamene anthu asintha mmene m'kamwa mulili, mpaka nzika za momwemo zopanga asidi n'kulanda malo. Kanyongolotsi kamene ena ogulitsa zitsamba m'misika amati akutulutsa m'dzino kulibe.

Muzu umawonongeka m'magawo awiri, ndipo kudziwa zimenezi n'kothandiza. Choyamba asidi amasungunula mwala, ulusi wa collagen n'kutsala poyera. Kenako ulusiwo umagayidwa ndi timadzi togaya totchedwa ma enzyme, ena a mabakiteriya, ena a thupi lathu lomwe omwe asidi amawadzutsa. Ndiko kufewa kumene mukumva ndi kamtengo kaja. Ulusi usanagayike, mwala ukhoza kubwereramo kuchokera m'malovu, makamaka ngati pali fluoride, mchere wolimbitsa mano wopezeka m'mankhwala otsukira mano, ndipo malowo amalimbanso. Ukagayika, palibenso pogwira kashiamu. Kuwola kwa muzu sikukonda kuzama malo amodzi, kumafalikira m'mbali kuzungulira khosi la dzino, nthawi zambiri osapweteka, mpaka tsiku lina dzino lingothyoka munthu akutafuna chimanga chokazinga.

Pali gulu lina la mabakiteriya lomwe silibowola mano koma ndi limene limavula muzu. Porphyromonas gingivalis, Tannerella forsythia ndi Treponema denticola amakhala kunsi kwa nkhama kopanda mpweya, amadya mapuloteni a m'magazi m'malo mwa shuga, ndipo thupi polimbana nawo limawononga nkhama ndi fupa logwira dzino. Plaque ikakhalitsa imayamwa kashiamu wa m'malovu n'kuuma gwa, kusanduka tartar, miyala yachikasu kapena yakuda ija yopezeka kuseri kwa mano a kutsogolo a m'munsi. Tartar sachoka ndi mswachi, amafuna zitsulo za kuchipatala. Kafukufuku wa Harald Löe ku Denmark mu 1965 anaonetsa kuti anthu a nkhama zabwino akasiya kutsuka, chiseyeye chimayamba pakati pa masiku 10 ndi 21, ndipo akayambiranso kutsuka chimatha pafupifupi m'sabata imodzi. Fodya, ndi wa chingambwe yemwe, komanso matenda a shuga osasamalidwa, zimakulitsa vutoli kwambiri.

Kuuma kwa m'kamwa kumene mwatchula musakuone ngati kanthu kakang'ono. Munthu amatulutsa malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka patsiku, ndipo ndi malovuwo amene amakokolola shuga, kuzimitsa asidi ndi bicarbonate, ndi kubwezera kashiamu m'dzino. Mankhwala ambiri amachepetsa malovu: hydrochlorothiazide wa BP, amitriptyline, ngakhale chlorpheniramine yemwe ambiri amamudziwa kuti Piriton. Amlodipine ndi nifedipine, omwenso ndi a BP, kwa ena amatupitsa nkhama moti plaque imapeza pobisala. Kuonjezera pamenepo kutentha kwa kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mankhwala a BP musasiye nokha, sitiroko ndi yoopsa kuposa dzino. Mukawauze amene amakupatsani mankhwalawo kuti m'kamwa mukuuma, aone ngati n'kotheka kusintha, ndipo tsiku lomwelo mupemphe kuyezetsa shuga, chifukwa m'kamwa mouma ndi nkhama zotsika pa msinkhu wanu nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda a shuga.

Nanga amoxicillin alephera bwanji? Kapisozi mukameza amayenda ndi magazi, koma pamwamba pa muzu pomwe pali plaque sipafika magazi. Kochepa kofika kudzera m'malovu kamalephera kulowa m'zomatira zija, ndipo mabakiteriya okhala m'plaque amapirira mankhwala kwambiri kuyerekeza ndi oyandama paokha. Ngakhale atafa ena, m'masiku ochepa abwerera, poti tiyi wa shuga akubwerabe. Choipa china n'chakuti makapisozi amapha ndi mabakiteriya othandiza omwe, Candida n'kupeza mpata, ndipo otsalawo amazolowera mankhwala, moti tsiku limene mudzawafunedi pa chibayo sadzagwira. Amoxicillin ndi metronidazole ali ndi malo ake pamene mafinya afalikira, tsaya latupa, thupi latentha, ndipo apo pomwe amaperekedwa pothandizira kuchotsa gwero la mafinya, osati m'malo mwake.

Musanapite kuchipatala, imani pa galasi panja powala, muumitse manowo ndi kansalu koyera, muyang'anitsitse. Malo amene akuwola panopa amakhala achikasu kapena ofiirira, osawala, ofewa, ndipo nthawi zambiri pamakhala plaque ndi nkhama yotuluka magazi pambali pake. Malo amene kuwola kunaima amakhala akuda kwambiri koma olimba, osalala ndi onyezimira. Chodabwitsa n'chakuti wakudayo kawirikawiri ndiye wosadetsa nkhawa. Mukaona kamphako kosalala, kolimba, koyera bwino pa khosi la dzino, kameneko ndi kodyedwa ndi mswachi wolimba, makala, phulusa kapena mchenga, osati mabakiteriya. Mawanga oyera kapena ofiirira a pamwamba pa mano a kutsogolo omwe munthu wakula nawo ndi nkhani inanso: amabwera ndi madzi a mijigo ina okhala ndi fluoride woposa 1.5 mg pa lita omwe munthu anamwa ali mwana, zomwe zimapezeka m'madera ena a Mangochi ndi Machinga. Kutokosa malo ofewawo ndi kamtengo kapena singano lekani, mukuboola kachikuto komwe kakanatha kulimbanso.

Katsukidwe kanu kakufunika kusintha pa zinthu zingapo. Makala asiyeni lero. Gulani mswachi wofewa, wa mutu waung'ono, ndi mankhwala otsukira mano omwe pa chubu palembedwa fluoride wa 1,350 mpaka 1,500 ppm (ppm ndi muyeso wa kuchuluka kwa fluorideyo). Ambiri amalemba 1450 ppm. Mankhwala ena otchedwa azitsamba alibe fluoride, werengani musanalipire. Ikani mankhwala otalika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Pendeketsani mswachi pang'ono, ubweya wake uloze pomwe dzino lakumana ndi nkhama, n'kumazunguza pang'onopang'ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, kunja, m'kati ndi potafunira, kwa mphindi ziwiri zathunthu. Plaque ndi yofewa, sifuna mphamvu, imafuna kuti ubweya ufike pomwe ili. Mswachi ukamayala ubweya pasanathe mwezi, dziwani kuti mukukanikiza. Woyenda bwino umasinthidwa pa miyezi itatu. Mukamaliza lavulani thovu koma musachukuche ndi madzi. Apa ndi pomwe ambiri amatayira phindu lonse, chifukwa fluoride amayenera kutsalira pa mano kuti alowe m'muzu. Pa malo ofewawo mukhozanso kupakapo kamankhwala pang'ono ndi chala musanagone.

Kutsuka kwa m'mawa kokha sikukwanira, ndipo ngati n'kusankha, kwa usiku ndiye kofunika koposa, poti munthu akagona malovu amachepa kwambiri. Mukatsuka usiku musamwenso china koma madzi. Pakati pa mano, pomwe mswachi sufika ndipo mizu imawola mobisika, gwiritsani ulusi wa floss kapena timaburashi tating'ono tolowa pakati pa mano kamodzi patsiku. Kwa munthu wa nkhama zotsika timaburashito timachita bwino kuposa ulusi. Nkhama zikatuluka magazi masiku oyamba musaleke, zimasiya pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mswachi wa mtengo, womwe ambiri kuno amagwiritsa ntchito makamaka asanapemphere, umachotsa plaque bwino ndithu nsonga yake ikakhala yofewa ndi yodulidwa mwatsopano, kungoti sungalowe m'malo mwa mankhwala a fluoride, ndipo kukwecha nawo chopingasa kumatsitsanso nkhama.

Tiwerengere shuga wanu. Makapu atatu a masupuni atatu ndi masupuni 9, pafupifupi magalamu 36. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri kukhala pansi pa 25, omwe ndi masupuni 6. Botolo limodzi la chakumwa cha shuga choziziritsa kukhosi likhoza kukudyerani malire onsewo. Koma kwa mano, kangati n'kofunika kuposa kuchuluka. Kapu ya tiyi yomwedwa pamodzi ndi chakudya n'kutha m'mphindi khumi ndi nkhondo imodzi ya asidi. Kapu yomweyo yopsontha pang'onopang'ono kwa ola lathunthu pakhonde imasunga muzu m'asidi ola lonselo ndi lotsatira lake. Maswiti oyamwa pofuna kunyowetsa kukhosi ndiwo oipitsitsa kwa munthu wa m'kamwa mouma. Mandasi, masikono, mabisiketi ndi thobwa wothira shuga zilinso m'gulu lomwelo, chifukwa malovu amasandutsa ufa wophika kukhala shuga, ndipo wochepa yemweyo amakwanira kufewetsa muzu. Nsima ya usipa kapena chambo ndi masamba ilibe mlandu waukulu, ndipo usipa wodyera pamodzi ndi minga uli ndi kashiamu. Malambe, bwemba ndi mandimu ali ndi asidi wawo amene amasungunula muzu popanda ngakhale bakiteriya. Mukadya chukuchani ndi madzi ndipo dikirani mphindi 30 musanatsuke. Yesetsani kuti zotsekemera zisapitirire maulendo atatu kapena anayi patsiku, zonse pa nthawi ya chakudya, ndipo shuga wa m'tiyi muzichotsa theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Muziyenda ndi botolo la madzi, ndipo chingamu chopanda shuga mukachipeza chimadzutsa malovu. Ngati mumasala m'mwezi wa Ramadan, tsukani ndi mankhwala mukatha chakudya cha m'bandakucha komanso musanagone, poti usana wonse m'kamwa mumakhala mouma.

Kuchipatala pitani mwezi uno, musadikire ululu. Ambiri amafika dzino litatheratu, chotsala n'kuzula basi, n'chifukwa chake anthu amaganiza kuti ku mano amangozula. Ku gawo la mano la chipatala chachikulu cha boma ku Mangochi mukapemphe zinthu ziwiri: achotse tartar, ndipo ayeze malo atatuwo ngati akuwola kapena anaima. Malo osazama safuna kubowola. Amatha kuimitsidwa ndi vanishi wa fluoride wa 22,600 ppm wopaka pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, kapena ndi mankhwala otsukira a 5,000 ppm olembedwa ndi dokotala, omwe ana sayenera kuwagwiritsa ntchito. Palinso silver diamine fluoride wa 38 peresenti, kadontho kopaka kamodzi kapena kawiri pachaka komwe kamapha mabakiteriya a pamalopo ndi kulimbitsa dentine, kungoti malowo amada bii mpaka kalekale. Pomwe pali dzenje losunga chakudya amamata ndi glass ionomer, yemwe amagwira ngakhale malo onyowa a pafupi ndi nkhama ndipo amatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Njira yomata ndi zitsulo za m'manja popanda makina obowolera, yotchedwa ART, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980. Mu 2021 WHO inaika mankhwala otsukira a fluoride, silver diamine fluoride ndi glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, choncho si zachilendo kufunsa kuti ndi ziti mwa izi zomwe zilipo. Chlorhexidine wochukucha wa 0.2 peresenti amathandiza nkhama zotupa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, koma kupitirira apo amadetsa mano ndi lilime, ndipo sabwezera mwala m'muzu.

Ululu ukayamba musanafike, imwani paracetamol monga mwa malangizo a pa paketi. Ibuprofen ndi diclofenac muyambe mwafunsa kaye, chifukwa amatha kukweza BP ndi kulemetsa impso. Musaike aspirin, asidi wa batire kapena mafuta a mabuleki pa dzino, zimawotcha nkhama ndipo zina ndi poizoni. Tsaya kapena kunsi kwa chibwano kukatupa, thupi likatentha, mukamalephera kuyasamula, kumeza kapena kupuma bwino, nyamukani tsiku lomwelo ngakhale usiku, chifukwa mafinya a mano a m'munsi amatha kutsikira kukhosi n'kutseka njira ya mpweya.